Ma eyakoni a kunyumba kwa amayi afa, ndalama zosinthira zandiimitsa mutu

Make Tadala (Chitakale): Mwaswera bwanji abale anga nonse a pa gulu lino. Pepani ndilemba zambiri koma mutu wandiima. Kunyumba kwa amayi kuno ku Chitakale kuli ma eyakoni awiri amene malemu bambo anaikitsa adakali pa ntchito, imodzi kuchipinda kwa amayi inayo pabalaza, aja otha kuziziritsa komanso kutenthetsa. Ya pabalaza inasiya chaka chatha sitinalabadire, nde ya kuchipinda nayo yasiya sabata yathayi, chigawo chake chokhala kunja kwa nyumba chija chikumangong'ung'udza pang'ono kenaka zii, mkatimo kukutuluka mphepo wamba. Amayi ali ndi zaka 78, ali ndi mphumu komanso nyamakazi, ndipo inu akuno mukudziwa mmene chiperoni chimatichitira, masiku anayi dzuwa osaoneka, phiri lonse bii, zovala pachingwe osauma, makoma kuchita kulira madzi. Juni ndi uyu wafikayu. Ndinaimbira kampani ina ku Blantyre, sanabwere nkomwe kudzaona, angonditumizira kotesheni pa foni kuti makina akalewo achotsedwe tiike atsopano. Makina awiri K3,200,000, kuika K400,000, mapaipi ndi zitsulo zokolekera K350,000, waya ndi ma breaker ndi zotetezera K300,000, thiransipoti K200,000. Zonse pamodzi K4,450,000 ndipo akuti kotesheniyo ndi ya masiku 7 okha. Abale ndalama zimenezi ndilibe, ndipo ngakhale nditasonkha ndi achimwene sitingafike. Amene munasinthapo, zimakhaladi chonchi? Kapena pali pamene ndingadulepo?

Mayi Geni wa pa Limbuli: Eee achemwali pepani. Koma musathamange kulipira, dikirani amisiri a pa gulu pano alankhule kaye

Mmisiri wa pa Luchenza: Mayi, choyamba pepani ndi matenda a amayiwo. Chachiwiri munthu sangakuuzeni kuti makina afa asanawatsegule, zimenezo nzosatheka. Mmene mwafotokozeramo, kung'ung'udza kenaka kuzima, nthawi zambiri chimakhala kapasita, kachitini kakang'ono kamene kamathandiza kompuresa, injini yopopa gasi ili mchakunjacho, kudzuka. Kakafooka kompuresa imayesa kudzuka nkulephera, imatentha nkudzizimitsa yokha. Kapasita ndi chinthu chotchipa kwambiri poyerekeza ndi makina atsopano. Sindikunena kuti ndi chimenecho basi, itha kukhalanso kompuresa yeniyeniyo yagwira, koma ayese kaye ndi mita. Panopa musamayiyatse, mukamaikakamiza ndi pamene mupsereze kompuresa. Ndipo tandijambulirani kachipepala kachitsulo kali pambali pa chakunjacho, ndione gasi wake ndi kukula kwake

Make Tadala (Chitakale): Zikomo achimwene, ndazimitsa pa breaker pompano. Kachipepalako kafufutika koma ndikuona palembedwa R22 ndi 12000 BTU zonse ziwiri

Mmisiri wa pa Luchenza: Ndinaganiza choncho. BTU ndi muyezo wa kukula kwa mphamvu ya makinawo. Apa ndikuuzeni chilungamo mbali zonse. R22 ndi gasi wakale amene maiko anagwirizana kuti asiyidwe chifukwa amawononga mumlengalenga, mgwirizano wake ndi uja wa ku Montreal wa 1987, ndipo maiko ngati lathu lino akuyenera kukhala atasiya pofika 2030. Nde gasi ameneyu akusowa ndipo akukwera chaka ndi chaka. Makina atsopano amabwera ndi R410A kapena R32. Ngati vuto ndi kapasita, konzani, musaope, makinawo atha kukutumikirani zaka zina. Koma ngati kompuresa yapsa, pamenepo musaponyepo ndalama, kugula kompuresa ya R22 ndi gasi wake mupezeka mwayandikira mtengo wa makina atsopano pomwe zina zonse mkatimo nzokalamba. Za mapaipi a pa kotesheni yanu sanakunamizeni, gasi watsopanoyu amakankha mwamphamvu kuposa R22 ndipo mafuta a mu kompuresa ndi osiyana, nde mapaipi akale ine sindimawabwezeretsa, makamaka ngati kompuresa inapsa chifukwa zinyalala zake zimatsalira mmenemo

Mayi Geni wa pa Limbuli: Ine nkhani ya gasi imandiwawa mpaka lero. Ndili ndi ka resiti hausi ka zipinda zochepa kufupi ndi msika, chipinda chimodzi ndinaikamo eyakoni chifukwa cha alendo odutsa pa Muloza. Itayamba kusaziziritsa ndinaitana mnyamata wina, anabwera ndi silinda yake nkuthira gasi, ndinalipira. Patatha miyezi iwiri yasiyanso, anabweranso, gasi watha mayi, ndinalipiranso. Kachitatu chimodzimodzi ndipo anandiuza kuti gasi amatha ngati mafuta a galimoto ine nkukhulupirira. Mpaka kunabwera bambo wina wachikulire amene anangopempha sopo ndi madzi mkapu, anapanga thovu nkupaka pamene mapaipi amalumikizana ndi chakunjacho, ine ndili chiimire pompo, tinangoona timathovu tikutukumuka tokha pa nati imodzi. Anati mayi ndalama zanu zakhala zikutulukira apa. Anadula kampaipi pang'ono, kukonza kukamwa kwake, kumanga nati, kupopa mpweya wonse ndi kapampu kake kenaka nkuthira gasi. Chaka chachiwiri chino sindinathirenso. Nde achemwali aliyense akakuuzani zothira gasi mufunseni kuti wakalewo watulukira pati

Mmisiri wa pa Luchenza: Mayi a pa Limbuli anena zoona. Gasi wa mu eyakoni satha, amangozungulira momwemo. Akachepa ndiye kuti pena pake pabooka

Aphunzitsi Opuma (Thyolo Boma): Mwanangu Make Tadala, ine ndinaphunzitsa masamu zaka zambiri nde ndiloleni ndikuwerengereni mbali imene kotesheni siinena. Mtengo wa makinawa suthera tsiku loika, mumalipirabe mwezi ndi mwezi pa mita. Yunitsi imodzi ndi chinthu cha mawatsi 1000 chikayaka ola limodzi. Eyakoni ya 12000 BTU ikamagwira ntchito mwamphamvu imadya pafupifupi yunitsi imodzi pa ola, pena kupitirira pang'ono. Maola 8 usiku uliwonse kwa masiku 30 mutha kufika mayunitsi 240 ngati siikupuma. Hita ya mawatsi 2000 imadya mayunitsi 2 pa ola, maola 5 okha patsiku ndi mayunitsi 300 pamwezi. Fani ya mawatsi 60 usiku wonse siikwana ndi theka la yunitsi lomwe, pamwezi mayunitsi 15 basi. Tengani risiti yanu yomaliza yogulira mayunitsi muone kuti imodzi mukugula zingati, muchulukitse nokha. Chimene anthu ambiri sadziwa nchakuti eyakoni yotenthetsa imaposa hita kutalitali, chifukwa siipanga kutentha, imakutenga panja nkukulowetsa mnyumba, ngakhale panjapo pakuzizira. Pa yunitsi imodzi imakupatsani kutentha pafupifupi katatu kuposa hita. Nde malemu bambo anu anaganiza bwino. Musalole kuti wina akuuzeni kuti ingogulani hita basi, mudzalira pa mita

Make Tadala (Chitakale): Aphunzitsi zikomo kwambiri, zimenezi sindimazidziwa, ndipo dzulo lomweli ndimafuna kukagula hita pa boma. Usiku wapitawu tinawaikira mbaula kuchipinda kuti afundidwe kaye

Nesi wa Usiku: Asisi chonde chonde mbaulayo itulutseni lero lomwe, musaibwezerenso. Ndikulemba izi manja akunjenjemera chifukwa ndinaziona ndi maso anga. Nyengo yozizira ngati ino anatibweretsera banja mbandakucha, mayi ndi ana awiri, anagona ndi mbaula atatseka chitseko ndi mawindo mpaka kutsekera ndi nsanza pansi pa chitseko kuti mphepo isalowe. Oyandikana nawo ndi amene anathyola chitseko ataona kuti kwacha koma kuli zii. Mayiwo ndi mwana wamkulu anatsitsimuka, wamng'onoyo anali atapita kale, atafunda bwinobwino ngati wagona. Makala akamayaka amatulutsa mpweya woipa wa carbon monoxide, ulibe fungo ulibe mtundu, ndipo makala akafiira opanda utsi anthu amayesa ndi pamene zili bwino pomwe mpweyawo ukutulukabe. Umayamba ndi mutu kuwawa, chizungulire, nseru, thupi kulefuka, munthu amafuna kudzuka koma miyendo ikukana. Kwa munthu wa mphumu nde utsi wokhawo ndi wokwanira kumubanikitsa. Otherani moto pakhonde kapena kukhitchini kotsegula, nthawi yogona mbaula panja. Kuchipinda apatseni botolo la madzi otentha lokulunga mchitenje, masokosi, chipewa, mabulangete awiri opepuka amaposa limodzi lolemera. Mankhwala awo opopera mkamwa akhale pafupi ndi bedi

Make Tadala (Chitakale): Mayo ine. Mmawa uno amadandaula mutu ine ndimati ndi chimfine. Ndaitulutsa asisi, siilowanso. Mulungu akudalitseni

Nesi wa Usiku: Tsegulani mawindo kanthawi mpweya udutse, ndipo mutuwo ukapitirira kapena akamaoneka osokonezeka musadikire, apititseni kuchipatala muwauze za mbaulayo

Madala a ku Esiteti: Ana inu ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine ndinagwira ntchito ya ukalipentala mminda ya tiyi kuno ku Thyolo mpaka kupuma, nyumba za mabwana ndazikwera pamwamba zambiri. Nyumba zakale zija munalibe eyakoni koma Okutobala ukalowamo umamva kuzizirira. Chinsinsi chake chinali khoma lochindikala la njerwa zootcha, siling'i yokwera, khonde lalikulu kuzungulira kuti dzuwa lisamenye khoma, ndi mitengo. Nyengo yozizira pabalaza panali pamoto pokhala ndi chumuni, nkhuni za bulugamu zomwe zija amadzala zoumitsira tiyi kufakitale, utsi kumatulukira kumwamba. Lero tikumanga nyumba khoma la njerwa imodzi, malata pafupi ndi mutu, mtengo wa mango umene unali pabwalo tinadula kuti tiwotchere njerwa, kenaka tikuti makina atithandize. Makinawo akulimbana ndi malata a moto tsiku lonse, angalimbe bwanji? Mwanangu usanawerenge mamiliyoniwo tuma munthu akwere mu siling'i aone mmene mulili. Nyumba zambiri kuno chidutsireni Freddy mu Malichi 2023 ma siling'i ananyowa nkupindika, ena anabooka, anthu anangosintha malata okha zamkatizo nkuzisiya. Kutentha kumene ukugula ndi mayunitsiko kukuthawira mmenemo

Mlomwe wa ku Joni: Madala mwalasa. Koma nane ndiponyepo, kuno ku Johannesburg makina amenewa mmasitolo ndi otchipa poyerekeza ndi mitengo mwalembayo. Achemwali ngati mukufuna nditha kukufunsirani, anthu amatumiza pa basi kapena pa mathiraki odzera ku Mwanza, sabata imodzi katundu wafika ku Blantyre

Mmisiri wa pa Luchenza: Amwene a ku Joni mtima wanu ndi wabwino ndipo ena amachitadi choncho, ndaikapo angapo obwera njira imeneyo. Koma awerengere zonse, kunyamulitsa, msonkho wa pa boda, kuchoka ku Blantyre kufika ku Mulanje, ndi ine woika. Ndipo chachikulu ndi waranti, ikafika ili ndi vuto mudzaibweza kwa ndani? Chakunjacho chimafunika kuyenda choimirira, pa basi amachigoneka pansi pa matumba. Ina ndinaitsegula mkatoni tizitsulo take topyapyala tija titaphwanyika mbali yonse. Nanga za kaunjika zimene zikumapezeka mmisika zochotsedwa mmaofesi, zimenezo nde ayi, zambiri ndi R22 yomweyo, mungosinthanitsa nkhalamba ndi nkhalamba inzake

Mlomwe wa ku Joni: Zoona amwene, za waranti sindinaganize. Koma bulangete lamagetsi nditha kutumiza, limenelo kuno nyengo yozizira nyumba zambiri amagwiritsa ntchito ndipo silidya magetsi ambiri

Mnyamata wa Sola (Bvumbwe): Limenelo nde ndikuvomereza, la bedi la munthu mmodzi limadya mochepera mawatsi 100, ngakhale ka inveta kakang'ono kamalikwanitsa. Ndimafuna ndiyankhe funso limene ndikudziwa kuti wina afunsa, loti bwanji osangoika sola eyakoniyo iziyendera dzuwa. Ine ndimagulitsa sola koma sindingakunamizeni mayi. Makina akale ngati anuwo podzuka amakoka magetsi kangapo kuposa mmene amadyera akamayenda, inveta yaing'ono imangolira nkuzima. Pamafunika inveta yaikulu ndi mabatire amphamvu, mtengo wake upitirira kotesheni mwalandirayo. Komanso nthawi imene mukufuna kutenthetsa ndi usiku wa chiperoni, pomwe masana ake mapanelo sanaone dzuwa. Kwa ife a mphepete mwa phiri zimenezi muziwerengere. Sola ikuthandizani pa mababu, fani, foni, bulangete lija, pamenepo nde ndalama yake imaoneka

Nesi wa Usiku: Bulangete lamagetsilo kwa achikulire muzilitenthetsa bedi asanagone kenaka kuzimitsa, ndipo lisanyowe, lisapindidwe likuyaka. Khungu la okalamba limapsa osamva msanga

Bambo a Mapasa (Nkando): Ine ndifunse mosazungulira, kodi kuno kwathu eyakoni nchofunikiradi? Makolo athu akalamba mpaka zaka 90 opanda zimenezi. Ndalama zimenezo si bwino kugulira chimanga ndi feteleza? Sindikunyoza mayi, ndikungofunsa

Make Tadala (Chitakale): Bambo a Mapasa funso lanu silolakwika ndipo ineyo kuchipinda kwanga mulibe, ndimagona ndi fani. Koma amayi kukazizira chifuwa chimatseka, timakhala usiku wonse tikuwamvetsera mmene akupumira, kulira kwa mluzu kuja. Chaka china anagonekedwa ndi chibayo masabata awiri. Okutobala nayenso dzuwa likamenya malata miyendo imatupa sagona. Bambo anaika makinawa chifukwa cha iwowo osati chifukwa cha ulemerero. Nde ndikamawerenga ndalama ndimawerenganso za kuchipatala ndi masiku amene ndimajomba ku ntchito

Bambo a Mapasa (Nkando): Ndamva mayi, pepani. Nde bwanji osangoika imodzi kuchipinda kwaoko, pabalaza nkusiya? Theka la ndalama lachoka pomwepo

Aphunzitsi Opuma (Thyolo Boma): Apo bambo a Mapasa mwanena chanzeru. Ndiwonjezere za masiku 7 aja, musawaone ngati akukuopsezani chabe. Makinawa onse ndi ochokera kunja, amagulidwa ndi ndalama zakunja. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense wogulitsa katundu wakunja anaphunzirapo kusalonjeza mtengo nthawi yaitali. Choncho mukatsimikiza kuti mugula imodzi, gulani makinawo kaye ndalama ikangokwana, musunge mkatoni, kuika kudzabwera pambuyo. Koma ngongole ya katapila pa chinthu ichi ayi mwanangu, bola banki mkhonde

Mmisiri wa pa Luchenza: Kungoti mufunse kaye za waranti Aphunzitsi, masitolo ena amayamba kuwerenga tsiku logula ndipo ena amafuna aike anthu awo kuti waranti igwire. Mukadzagula mayi, tengani ya inverter, imeneyo kompuresa yake siimangoti yaka zima yaka zima, imachepetsa liwiro chipinda chikafika pamene mukufuna, nde imadya mochepa ndipo siichita phokoso. Muonetsetse kuti ndi yotenthetsanso chifukwa zambiri zogulitsidwa kuno ndi zoziziritsa zokha, anthu amadzazindikira mu Juni. Kukula kwake muyeze chipinda, cha mamita 3 kwa 4 ya 9000 BTU ikukwanira, cha 4 kwa 5 nde 12000. Yaikulu mopitirira si ubwino, imazima msanga isanachotse chinyontho. Koma ya inverter ili ndi bolodi ya zamagetsi imene siifuna magetsi ojejema, nde chotetezera chija cha pa kotesheni musachichotse pofuna kupulumutsa ndalama. Chimadula magetsi akakwera kapena kutsika, ndipo akabwerera chimadikira mphindi zingapo chisanalumikize. Makina ambiri amene ndinawapeza atapsa anapsa chaka cha 2022, namondwe Ana atawononga popangira magetsi ku Kapichira magetsi nkumazimazima tsiku lonse, ndipo pafupifupi onsewo analibe chotetezera

Mayi Geni wa pa Limbuli: Ndipo thiransipoti ya K200,000 ija mutha kuidula, makina amodzi amakwana mgalimoto yaing'ono, wina wobwera kuchokera ku Limbe pa msewu wa Midima akutengerani. Woika pezani wakonkuno

Make Tadala (Chitakale): Abale ndabweranso patatha masiku anayi, ndinati ndisakusiyeni mmalere. Achimwene a pa Luchenza anabwera Lachiwiri ndi mnyamata wawo. Anayamba ndi ya kuchipinda, atatsegula chakunjacho anandiitana kuti ndidzaone ndekha, kapasita kaja kanali katatupa pamwamba ngati chitini cha nsomba chowonongeka, mafuta atachucha mmbali. Anaika katsopano, kutsuka tizitsulo takumbuyo tomwe tinali titatsekeka ndi fumbi ndi zisa za mavu, kenaka anatulutsa masefa a mkati. Abale manyazi anandigwira, anali akuda bii ndi chuku, ndipo amayi a mphumu akhala akupuma zimenezo kaya zaka zingati, ine sindimadziwa nkomwe kuti amatuluka nkuchapidwa. Atayatsa tinadikira pang'ono kenaka mphepo yofunda inayamba kutuluka, amayi anangotambasula manja ngati akuotha moto osalankhula kanthu. Zonse ndi chotetezera chatsopano ndalipira K165,000. Ya pabalaza nde yapitadi, kompuresa inapsa ndipo pa bolodi anapezapo nalimata wouma atakakamira. Madala a ku Esiteti munalosera, mnyamata uja atakwera mu siling'i anapeza mabolodi atatu pamwamba pa chipinda cha amayi atapindika, pakona pali chibowo cholowa mkono chimene chinabisika ndi wadiropu, pansi pa malata palibe chilichonse, ndipo makoswe anayamba kale kudya waya

Madala a ku Esiteti: Ndinadziwa mwanangu. Waya ameneyo ndiye uyambe naye mawa lomwe, nyumba zimapsa ndi zimenezo. Mabolodi usinthe atatuwo, ndipo poti mwatsegula kale uyalemo chotchinga kutentha pamwamba pa siling'i ya chipinda chokhacho, kaya chija chonyezimira ngati siliva kaya chija cha ngati thonje, sizifuna ndalama zambiri pa chipinda chimodzi. Chonyezimiracho chimafuna mpata pakati pa icho ndi malata, akachigundanitsa sichigwira ntchito. Mawindo ngati ndi a magalasi opingasa aja satseka bwino, ika makatani olemera ofika pansi. Ndipo kumadzulo kwa nyumba udzale mtengo mvula ikayamba, usaone kuchedwa, mapeyala amakula bwino kwanuko

Mmisiri wa pa Luchenza: Ndinawauza mayiwa ndipo ndibwereza pagulu kuti ena amve. Makina takonzawa ndi okalamba, sindingalonjeze kuti afika zaka zingati, gasi alimo wokwanira panopa koma tsiku limene adzabooke kapena kompuresa kugwira ndi tsiku losintha. Nde ayambe kusunga panopa mosathamanga. Masefa azichapa ndi madzi kamodzi pamwezi, aume kaye asanabwezere. Potenthetsa aike pa 22 kapena 23, poziziritsa 24 kapena 25, osati 16 ngati mmene ambiri amachitira poganiza kuti izizira msanga, liwiro lake ndi lomwelo kungoti siipuma

Aphunzitsi Opuma (Thyolo Boma): Mwanangu ulembe nambala ya mayunitsi otsala pa mita madzulo ndi mmawa kwa sabata imodzi, siling'i isanakonzedwe, kenaka udzalembenso itakonzedwa. Udzatiuze kusiyana kwake, ndikufuna ndidziwe chifukwa nanenso nyumba yanga siling'i yake ndi ya nthawi ya Kamuzu

Bambo a Mapasa (Nkando): Nanga ya pabalaza yakufayo mutani nayo? Anyamata ogula zitsulo amalipirako bwino chifukwa cha kopa

Mmisiri wa pa Luchenza: Asanagulitse ndichotsemo kaye gasi ndi makina anga, anyamatawo amangodula paipi ndi sowo gasi yense fuu mmwamba, ndipo akakuthira pa dzanja amawotcha ngati moto. Komanso fani yake, mota ndi rimoti ndi zofanana ndi ya kuchipinda, zisungidwe zidzathandiza

Make Tadala (Chitakale): Za kugulitsazo zavuta kaye abale. Nditawauza amayi kuti tiichotse pakhoma anakhala chete kenaka anati isiyeni pomwepo, bambo anu anaima pampando uja tsiku lonse akuwalozera anyamata poboola. Nde ikhala kaye, tangoidula ku magetsi. Pabalaza tiika fani ya mmwamba Okutobala asanafike. Ine ndi achimwene tagwirizana kuti gawo langa la ku banki mkhonde la Disembala lisakhudzidwe, iwonso aziponyako mwezi ndi mwezi, tidzagule imodzi ya inverter ya kuchipinda. Kalipentala abwera Loweruka, wa zamagetsi mawa mmawa. Amwene a ku Joni za bulangete zija ndikulemberani kumbali

Nesi wa Usiku: Nanga mutu uja unasiya? Usiku akupuma bwanji?

Make Tadala (Chitakale): Unasiya tsiku lomwe lija asisi. Dzulo chiperoni chinagwa usiku wonse koma ndinadzuka kawiri kukasuzumira, ndinawapeza ali mtulo bulangete limodzi atalikankhira kumiyendo. Mmawa apempha phala la mgaiwa ndipo amaliza mbale yonse

Madala a ku Esiteti: Kalipentalayo umuuze asakhomere mabolodi atsopano pa mitengo yofumbwa, ayambe waigogoda ndi hamala imodzi imodzi. Akapeza yofewa andiimbire, ndili ndi matabwa a bulugamu ouma bwino kuseri kwa nyumba, adzatenge